Mafomu tinadzaza, nanga zotsatira za kafukufuku zili kuti?

A Mkonzi,

Ndiloleni ndifunseko, kudzera m'nyuzipepala yanu, akuluakulu a sukulu zathu za ukachenjede, makamaka amene amaphunzitsa za utsogoleri ndi kayendetsedwe ka mabungwe. Chaka ndi chaka timaona zithunzi za ana athu atavala mikanjo, ena atatenga digiri yachiwiri ya za bizinesi ku MUBAS, ena ku ESAMI, enanso m'mayunivesite a mipingo ndi a anthu wamba amene achuluka masiku ano. Asanalandire pepala lake, aliyense wa iwo amalemba buku la kafukufuku, ndipo ambiri mwa mabukuwo amakamba za momwe banki yakuti, khonsolo yakuti kapena kampani yakuti imakonzera mapulani ake a zaka zisanu, komanso momwe mabwana amatsogolera antchito awo. Mabuku onsewa akupita kuti? Ndi bungwe liti m'dziko muno limene linasintha kachitidwe kake chifukwa chowerenga limodzi mwa mabuku amenewa?

Ine ndine mmodzi wa anthu amene ophunzirawa amawafunsa mafunso. Ndinali manijala wa kopaletivi ya alimi a mtedza ndi soya kuno ku Mchinji mpaka nditapuma, ndipo pano ndili mu bodi ya SACCO ina, kopaletivi yosunga ndi kubwereketsa ndalama. Ophunzira akhala akubwera ndi makalata odinda chidindo cha sukulu zawo, ndipo sitinabwezepo aliyense. Tinkawapatsa mpando ndi tiyi, nthawi zina ngakhale njinga yamoto yowaperekeza kwa apampando a makalabu. Potsanzika onse ankanena zofanana: "Bambo, ndikamaliza ndidzakutumizirani zotsatira." Mpaka lero palibe tsamba ndi limodzi lomwe limene linabwerera. Sindikuwada anawa ayi, poti vutoli silinayambire pa iwo.

Tiyambe ndi fomu yeniyeniyo. Imakhala ya m'Chingerezi, ndipo funso lililonse lili ndi timabokosi tisanu toti uchongepo kamodzi, kuyambira pa kuvomereza kwambiri mpaka pa kukana kwambiri. Mafunso ake ndi monga awa: kodi bwana wanu amakufotokozerani masomphenya a bungwe mokopa mtima? Kodi amakulimbikitsani kuona mavuto mwa njira yatsopano? Tsono wophunzirayo wangopempha tchuthi cha tsiku limodzi kuntchito kwake ku Lilongwe, ndiye amasiya mulu wa mafomu pa desiki ya manijala n'kunena kuti adzatenga Lachisanu. Manijala amaitana kalaliki wa pa sikelo, mlonda, dalaivala ndi mayi wosesa, n'kuyamba kuwamasulira. Taonani bwino pamenepa. Munthu akufunsidwa ngati bwana wake ndi mtsogoleri wabwino. Womumasulira funsolo ndi bwanayo. Wotolera mapepala ndi bwana yemweyo. Ndipo kontirakiti ya wofunsidwayo ikutha mwezi wa mawa. Mlonda wanzeru zake achonga pati? Mapepalawo akafika kusukulu, kompyuta imawerengetsa n'kutulutsa manambala okongola osonyeza kuti pamene pali utsogoleri wabwino bungwe limapita patsogolo. Chimene chayezedwa pamenepo ndi mantha a munthu wofuna kusunga ntchito yake, osati utsogoleri.

Mwana wa mchemwali wanga anachita maphunziro omwewa, ndipo atamaliza anandisiyira katoni ya mabuku ndi mapepala ake. Munthu wopuma pa ntchito nthawi amakhala nayo, ndiye ndinawerenga. M'menemo ndi momwe ndinaona kuti mafunso ambiri amene tinkadzaza aja anachokera kwa akatswiri awiri a ku America, Bernard Bass ndi Bruce Avolio, amene anakonza muyezo wa utsogoleri wosintha mitima ya antchito. Si muyezo woipa. Koma unapangidwa poyang'ana anthu a kwawo komweko, kumene wantchito angathe kulemba kuti bwana wake ndi wolephera n'kugona tulo tabwino usiku. Ndinaonanso za kafukufuku wamkulu wotchedwa GLOBE, wotsogozedwa ndi Robert House, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2004. Anafunsa mamanijala pafupifupi 17,000 m'magulu a anthu 62 padziko lonse za mtundu wa mtsogoleri amene amamulemekeza. Kuno kum'mwera kwa Sahara anafika ku Zambia, Zimbabwe, Namibia, Nigeria ndi South Africa. Malawi mulibemo. Ndiye mpata woti ana athu anene chinthu chatsopano chimene dziko silinachimvepo ulipo waukulu, koma m'malo mwake akubwereza mafunso a eni ake n'kupeza mayankho amene eni akewo anawapeza kalekale.

Chimene chinandigwira mtima m'katoni muja ndi ntchito ya Henry Mintzberg wa ku Canada, imene inasindikizidwa mu 1973. Iyeyu sanatumize fomu. Anapita kukakhala mu ofesi za akuluakulu asanu a mabungwe, aliyense sabata yathunthu, akulemba chilichonse chimene bwanayo akuchita ndi mphindi zimene chatenga. Mabuku a nthawi imeneyo ankati manijala ndi munthu wokhala phee n'kumalingalira za kutsogolo. Mintzberg anapeza kuti theka la zochita za akuluakuluwo silinkatha ndi mphindi 9 zomwe, kuti nthawi yawo yambiri inkathera pa kulankhula ndi anthu, pafoni ndi m'misonkhano, ndiponso kuti ankadukizidwa kosalekeza. Anthu asanu okha, koma mpaka lero zimene anapezazo zikuphunzitsidwa. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekhako n'kumene kukusowa m'kafukufuku wathu.

Wophunzira atati akhale nafe sabata imodzi mwezi wa June, nthawi yogula mbewu, angaone zimene fomu singamuuze. M'mawa alimi afika ndi matumba a mtedza panjinga ndi pangolo. Kalaliki akupisa dzanja m'thumba, akutswa mtedza umodzi ndi mano kuti amve ngati wauma, chifukwa mtedza wonyowa umachita chuku ndipo wogula wakunja akaupeza ndi poizoni wa chukuyo amabweza lole yonse. Mlimi amene mtedza wake wakanidwa ndi membala, ali ndi masheya, ndipo chaka chamawa adzavota pa msonkhano waukulu. Kunja kwa mpanda, pansi pa mtengo wa mango, venda wapachika sikelo yake ndipo akulipira pompopompo, safunsa za kuuma. Ife tikuti ndalama mudzalandira wogula wathu akatilipira, mwina pakatha milungu itatu. Mayi amene mwana wake wabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi sangadikire milungu itatu, ngakhale mtengo wathu utaposa wa venda. Ndiye funso lenileni la tsogolo la kopaletivi limayankhidwa tsiku limenelo, pakati pa phokoso: tikongole ku banki pa chiwongoladzanja chokwera kuti tizilipira pomwepo, kapena tilole mbewu za mamembala athu zipite kwa venda? Mukakongola, n'kupezeka kuti mtengo wa soya wagwa musanagulitse, ngongoleyo imadya masheya a anthu. Mukapanda kukongola, nyumba yosungira katundu ikhala yopanda kanthu ndipo wogula amene munasainirana naye sadzabweranso.

Manijala ali mkati moganiza zimenezi, foni ikulira. Wapampando akuti membala wina wamwalira ndipo anamfedwa akupempha galimoto ya kopaletivi kuti ikanyamule bokosi, tsiku lomwelo limene galimotoyo imayenera kukatenga matumba ku kalabu yakutali. Masana a gulupu atumiza uthenga woti mdzukulu wawo ali pakhomo chabe, bwanji alembedwe ulonda, pokumbukira kuti malo amene nyumba yosungira katundu inamangidwapo anapereka ndi iwo. Ukakana zonse, mawa ulibe anthu. Ukavomera zonse, mawa ulibe kopaletivi. Luso lodziwa chokana ndi chovomera, ndi kukana kwake kosachititsa munthu wamkulu manyazi pagulu, ndiwo utsogoleri umene mabungwe athu amadalira kuti akhalepo. Ndaona mamanijala a masatifiketi ambiri akulephera pamenepa, ndipo ndaona mayi amene sukulu analekezera sitandade 8 akuyendetsa kalabu ya mamembala mazana popanda tambala kusowa. Mayi ameneyu palibe wophunzira anamufunsapo kuti amachita bwanji, chifukwa pa fomu panalembedwa kuti ofunsidwa akhale a mu ofesi.

Za mapulani a zaka zisanu ndiye ndinene mosabisa. Pafupifupi bungwe lililonse lili nayo pulani yotere, yomangidwa bwino, chikuto chonyezimira. Kalembedwe kake tonse tikukadziwa. Wothandiza ndi ndalama akuti sapereka kanthu popanda pulani, ndiye alemba katswiri wa mu tauni. Bodi ndi mamanijala atengedwa kupita ku nyanja, ku Salima kapena ku Mangochi. Pakhoma pamatidwa mapepala akuluakulu anayi: mphamvu zathu, zofooka zathu, mwayi umene ulipo, ziopsezo. Anthu agawidwa m'magulu, alemba ndi zolembera zonona, awomba m'manja, asainira alawansi, abwerera. Patapita mwezi katswiri atumiza buku la m'Chingerezi limene theka la bodi silingathe kuwerenga, ndipo nthawi zina ukaliwerenga bwino umapeza dzina la bungwe lina limene anaiwala kufufuta. Wophunzira akabwera ndi funso lakuti kodi bungwe lanu lili ndi pulani ya nthawi yaitali, timachonga kuti inde, ndipo sitinaname. Koma pulaniyo ili m'kabati, kiyi ali ndi mlembi.

Ngakhale pulani italembedwa moona mtima, taganizani za imene inalembedwa mu 2021. Mu May 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti. Mu March 2023 namondwe wa Freddy anasakaza chigawo cha kum'mwera. Mu November chaka chomwecho kwacha inagwetsedwanso ndi 44 peresenti. Mitengo ya feteleza, mafuta ndi matumba imene inali mu pulani ija inasanduka nthano isanathe ndi zaka zitatu zomwe. Komabe mabungwe ena anapulumuka pamene ena anatseka. Opulumukawo anachita chiyani mwezi woyamba kwacha itagwa? Anasonkhana ndani, anasiya chiyani, anakambirana motani ndi amene anali nawo ngongole? Mintzberg yemwe uja, pamodzi ndi James Waters, analemba mu 1985 kuti njira imene bungwe limayendadi siikhala yokonzedweratu yokha, ina imabadwa m'kati mwa ulendo kuchokera ku zosankha za tsiku ndi tsiku. Dziko ngati lathu, kumene zinthu zimasintha pulani isanaume inki, ndi malo abwino zedi ofufuzira mfundo imeneyi. Koma kuti uipeze uyenera kuwerenga maminitsi a bodi ndi mabuku a ndalama, osati kufunsa ngati pulani ilipo.

Ndisaiwale za alawansi, poti ndi imene imasankha kuti pulani ikalembedwere kuti. Bungwe la Norad la ku Norway linatulutsa lipoti mu 2012 lofufuza za ndalama za maulendo ndi misonkhano ku Malawi, Tanzania ndi Ethiopia, ndipo linaonetsa momwe anthu amakonzera misonkhano pofuna alawansi osati pofuna ntchito. Ndi alendo amene anabwera kudzatiuza zimene mesenjala aliyense wa ku Capital Hill akudziwa. Bwanji osakhala ophunzira athu, amene ambiri a iwo amasainira okha ma alawansiwo?

Pali anthu amene amati kafukufuku wa za kayendetsedwe ka mabungwe ndi nkhambakamwa basi, sangasinthe kanthu. Sindigwirizana nawo, ndipo ndili ndi zifukwa. Ku India, akatswiri a ku yunivesite ya Stanford ndi a World Bank anatenga mafakitale oluka nsalu a pafupi ndi Mumbai n'kuwagawa pawiri mwa maere. Ena anawatumizira alangizi kwa miyezi ingapo, ena anangowayendera n'kuwasiya. Zimene alangiziwo ankaphunzitsa sizinali zozama: kulemba tsiku ndi tsiku nsalu zimene zatuluka ndi chilema ndi chifukwa chake, kusanja ulusi m'nyumba yosungira kuti udziwike ulipo wochuluka bwanji, kukonza makina asanawonongeke, kuchotsa zinyalala pakati pa makina. Zotsatira zimene zinasindikizidwa mu 2013 zinasonyeza kuti m'mafakitale olangizidwawo ntchito yotuluka inakwera ndi 17 peresenti m'chaka choyamba. Ofufuzawo anafunsanso chifukwa chimene eni mafakitale sankachitira zinthu zophwekazi kale. Ambiri ankakhulupirira kuti nsalu zawo zili bwino kale poyerekeza ndi za anzawo, ndiye sankaona chifukwa cholembera. Anapezanso kuti kukula kwa kampani kunkadalira chiwerengero cha abale aamuna amene mwini wake anali nawo, chifukwa sankakhulupirira mlendo kuti angamusiyire fakitale. Nditawerenga pamenepa ndinakumbukira magolosale, zigayo ndi mabasi a anthu otchuka a m'maboma mwathu muno, amene anatha mwini wake atangoikidwa m'manda. Nkhani ya kusiyirana bizinesi ndi ya kukhulupirira munthu amene si m'bale wako ikufunika wofufuza wa kuno.

Ku Lomé, m'dziko la Togo, anayesa pa eni mabizinesi ang'onoang'ono 1,500. Gulu lina linaphunzitsidwa za bizinesi monga mwa nthawi zonse, kusunga mabuku ndi kutsatsa malonda. Gulu lina linaphunzitsidwa kudziyambira zinthu, kuoneratu mavuto ndi kusagwa mphwayi zikavuta. Pa zaka ziwiri phindu la gulu lachiwirili linakwera ndi 30 peresenti, pamene la gulu loyamba linakwera pang'ono moti ofufuza sanathe kutsimikiza kuti maphunzirowo ndi amene anachititsa. Kuno kwathunso a World Bank anachitapo zofanana pa mabizinesi osalembetsa pafupifupi 3,000 a mu Lilongwe ndi Blantyre. Anapeza kuti kuthandiza munthu kulembetsa bizinesi yake kwaulere, pakokha, sikunakweze phindu. Koma amene analembetsa n'kukumanitsidwanso ndi a banki kuti atsegule akaunti ya bizinesi, yosiyana ndi ndalama za pakhomo, malonda awo anakwera ndi pafupifupi 20 peresenti ndipo phindu ndi 15 peresenti. Izi ndi zoti mayi wogulitsa zitenje mu msika wa Limbe angagwiritse ntchito mawa lomwe, atauzidwa m'chilankhulo chake. Ndi angati anauzidwa?

Chimodzi chinandidabwitsa koposa, ndipo ndikufuna a m'boma achimve. Imran Rasul ndi Daniel Rogger anafufuza ntchito za chitukuko zoposa 4,700 za boma la Nigeria, monga zitsime, madamu ndi nyumba, kuti aone zimene zinamalizidwa ndi zimene zinaima. Gawo loposa limodzi mwa magawo atatu silinayambike n'komwe. Anapeza kuti m'maofesi momwe akuluakulu ankapatsa antchito awo ufulu wosankha kagwiridwe ka ntchito, ntchito zambiri zinkatha. M'maofesi momwe munali kulondalonda kwambiri ndi mphotho zoyezera munthu aliyense, ntchito zomalizidwa zinkachepa. Ambiri a ife tikanalumbira kuti zikhala mosemphana. Mu 2015, pansi pa komiti yokonzanso ntchito za boma imene ankaitsogolera malemu Dr Saulos Chilima, maunduna athu anasainira mapangano a zimene adzakwaniritse. Kodi m'maunduna mwathu chimene chimamalizitsa ntchito ndi ufulu kapena kulondalonda? Funso limeneli ndi la Malawi School of Government, imene inabadwa pophatikiza Malawi Institute of Management (MIM) ya ku Kanengo ndi sukulu ya antchito a boma ya ku Mpemba, ndipo ophunzira ake ndi antchito a boma omwewo amene ali ndi mafailo m'manja.

Nkhani zoti n'kufufuza m'dziko muno sizikusowa. ADMARC inakhazikitsidwa mu 1971 kulowa m'malo mwa Farmers Marketing Board, ndipo panali nthawi imene msika wake unali pafupi ndi mudzi uliwonse. Phindu limene inkapeza pa mbewu za alimi ang'onoang'ono m'zaka za m'ma 1970 linkathandizira minda ikuluikulu ya fodya ndi makampani ena. Mu 1987 amalonda wamba analoledwa kugula mbewu, ndipo mu 2022 boma linatumiza antchito ake kunyumba kuti bungwelo likonzedwenso. Pakati pa zaka zimenezi pali mabodi angati, mabwana angati, mapulani angati? Anthu amene anakhala m'mipando imeneyo ena akadali moyo, ali m'makomo mwawo, ndipo munthu akapuma pa ntchito amalankhula momasuka. Akamwalira, nzeruzo zipita nawo. N'chimodzimodzi kubedwa kwa ndalama za boma kwa mu 2013: makhothi anafufuza amene anaba, koma funso la wophunzira za utsogoleri ndi lina, lakuti zinatheka bwanji kuti macheke a ntchito zosagwiridwa adutse m'manja mwa anthu ambiri chotere popanda woimitsa. Nawo Masomphenya a 2020, amene anakhazikitsidwa mu 1998, ankati pofika chakacho tidzakhala dziko la chuma chapakatikati, ndipo sizinatero. Pano tili ndi Malawi 2063, imene inakhazikitsidwa mu January 2021. Zimene zimachitika pakati pa pulani ya dziko ndi desiki ya mkulu wa dipatimenti ndi zimene zidzagamule ngati ulendo uno tifika.

Tisamangofufuza zakugwa zokha. Alimi a khofi a kumpoto anatenga bungwe limene linali m'manja mwa boma kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndipo lero khofi wa Mzuzu akudziwika kunja. Alimi a Phata ku Chikwawa anaphatikiza minda yawo kuti alime nzimbe pamodzi n'kumagulitsa ku fakitale ya ku Nchalo, ndipo anavomera kulemba akatswiri oyendetsa munda pamene umwini unatsala m'manja mwawo. Munthu amene anayesapo kuuza mlimi kuti achotse malire a munda wa makolo ake akudziwa kuti pamenepo panagwiridwa ntchito ya utsogoleri yoposa ya m'mabuku. MUSCCO, mgwirizano wa ma SACCO a m'dziko muno, yakhalapo kuyambira 1980, ndipo pansi pake pali ma SACCO amene anakula ndi ena amene anafa, m'dziko limodzi, pansi pa malamulo amodzi. Kuyerekeza awiri okha, yamoyo ndi yakufa, kungatiphunzitse ife a m'mabodi zambiri kuposa mafomu chikwi.

Ena mwa ophunzira ayamba kulemba za umunthu ngati maziko a utsogoleri wa kuno, ndipo Dr Chiku Malunga, Mmalawi mnzathu, analemba zambiri pogwiritsa ntchito miyambi yathu pofotokoza za kukula kwa mabungwe. Ndikuyamikira, chifukwa n'zoona kuti mtsogoleri wosapita pa maliro a antchito ake sakhalitsa. Koma ndichenjeze kuti umunthu tisamangouimbira nyimbo. Ndakhalapo pa misonkhano pamene odita wanena kuti ndalama zasowa m'manja mwa msungichuma, msungichumayo ali mlamu wa wapampando, ndiye mkulu wina n'kuimirira kuti abale, tikambirane mwa umunthu, munthuyu ali ndi ana. Nkhani n'kuthera pomwepo. Nanga mamembala amene ndalama zawo zapita alibe ana? Gerhard Anders, amene anakhala pakati pa antchito a boma ku Zomba ndi ku Lilongwe n'kulemba za moyo wawo, anaonetsa momwe wantchito amapanikizidwira pakati pa malamulo a ofesi ndi zofuna za abale amene amamudalira. Wofufuza woona mtima atiuze pamene umunthu umamanga bungwe ndi pamene umagwiritsidwa ntchito pobisa wakuba, ndiponso momwe mabungwe amene anathana ndi vutoli anachitira popanda kudanitsa mudzi.

Ndikudziwa kuti ophunzirawa ali ndi zovuta zawo. Ambiri ali pa ntchito, amaphunzira Loweruka ndi Lamulungu, fizi akulipira okha, ndipo mphunzitsi mmodzi akuyang'anira gulu la anthu. Fomu ya timabokosi ndi yachangu ndipo siikanidwa ndi oyesa mayeso. Nawonso mabungwe athu ali ndi mlandu: wophunzira akapempha maminitsi kapena malipoti a ndalama amauzidwa kuti bwana ali pa msonkhano, abwere sabata yamawa, mpaka atatopa. Makampani ambiri a anthu ali ndi ufulu wokana, ngakhale amene ali pa msika wa masheya amasindikiza malipoti awo chaka chilichonse ndipo aliyense angawerenge. Koma mabungwe a boma alibe pothawira, chifukwa lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza uthenga linakhazikitsidwa mu 2017 ndipo linayamba kugwira ntchito mu September 2020. Mayunivesite aziphunzitsa ophunzira awo kulemba kalata yopempha zikalata pansi pa lamulo limeneli, ndipo akakanizidwa azilemba m'buku lawo kuti ofesi yakuti inakana. Kukanako nakonso ndi chotsatira cha kafukufuku.

Pempho langa kwa akuluakulu a mayunivesite ndi laling'ono, silifuna ndalama za wothandiza. Wophunzira asavale mkanjo asanabweze ku bungwe limene analifufuza masamba awiri ofotokoza zimene wapeza, m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao kapena chilankhulo chilichonse chimene anthu a pamalopo amalankhula, ndipo abweretse kusukulu kalata yosonyeza kuti bungwelo lalandira. Kukanakhala kotheka akanabwera yekha pa msonkhano waukulu wa pachaka, aime pamaso pa mamembala, anene. Ndikukutsimikizirani kuti wophunzira wodziwa kuti adzaima pamaso pa alimi mazana awiri sangayerekeze kubwera ndi mfundo yakuti utsogoleri wabwino ndi wofunika, chifukwa agogo ena adzamufunsa kuti mwana wanga, zimenezi mpaka kupita nazo ku yunivesite? Adzakakamizika kufufuza chinthu chimene eni ake sakuchidziwa. Mabukuwo aikidwenso pa intaneti kuti wina asabwereze mutu umene mnzake analemba chaka chatha, ndipo abwino mwa iwo asandutsidwe nkhani zophunzitsira m'kalasi, kuti mwana wa ku Ntchisi azimva za ADMARC ndi Phata pambali pa Toyota ndi Coca-Cola.

Kwa inu a Mkonzi, tipatseniko danga kamodzi pa mwezi pamene wophunzira mmodzi kapena mphunzitsi wake angafotokoze m'Chichewa chomveka zimene anapeza, ife owerenga n'kumayankha. Ndipo kwa wophunzira amene sanasankhe mutu: bodi ya SACCO yathu inavomera pa msonkhano wapitawu kuti amene angafune kuwerenga maminitsi athu akale ndi malipoti a odita, n'kukhala nafe pa misonkhano ya komiti ya ngongole, aloledwe, bola asatchule maina a mamembala ndipo adzabwere kudzatiuza zimene waona, zokoma ndi zowawa zomwe. Keyala yanga ndaisiya kwa a Mkonzi.

Ndine wowerenga wanu,
Manijala wopuma wa kopaletivi,
Mchinji